Dalaivala wa Loweruka

3 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga. Kuno tilipo. Amayi miyendo ija yayambiranso kutupa, koma akuyenda. Kadona wanu, mwana wanga uja, wagula mano awiri akutsogolo ndipo akuti mumuuze tsiku lobwera.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Foni yanga inagwera m'ndowa ya madzi. Kalatayi ndapatsa kondakitala wamtali uja wa basi ya m'mawa, wati malo anu okonzera makompyuta amawadziwa. Mukamayankha muzipatsa yemweyo, ndipo azibweretsa kusitolo, osati kunyumba. Chonde, osati kunyumba.

Nkhani ndi iyi. Mtsikana amene ankataipa kwa Mayi a Fotokope, komwe ndimasesa kuja, wakwatiwa kutali. Lolemba Mayi anandilanda tsache n'kundikhazika pa mpando wa kompyuta. Akuti, "Iwe sekondale unaipondako. Ndikupatsa mwezi umodzi, ukalephera ndiitana wina." Achimwene, zaka zinayi ndakhala ndikupukuta fumbi pa chinthu chimenechi, koma ndikati ndichiyatse mtima umagunda ngati ndaba.

Dzulo kunabwera mphunzitsi ndi mayeso oti ataipidwe. Anandifunsa kuti, "Mugwiritsa ntchito pulogalamu yanji?" Ine ndinaloza bokosi lakuda la pansi pa tebulo, ndati, "Iyi." Anaseka mpaka kutsokomola. Mayi anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndiye ndifotokozereni ngati mukuuza mwana wa mkaka. Pulogalamu n'chiyani? Nanga sofutiweya, ndi chinthu china kapena chomwecho? Tizithunzi tambirimbiri ta pa sikirini tija n'ta chiyani? Ndimaopa kudina, mwina ndingafufute zinthu za eni ake.

Mukhululuke kalembedwe kokhotakhota, ndinaterereka pakhomo n'kugwera dzanja. Ntchito imeneyi ndikuifuna, Achimwene, kuposa mmene mungaganizire.

Ndine mlongo wanu,
Kamlomo


9 Malichi

Kamlomo,

Tili bwino, alamu ako akupereka moni. Ya mphunzitsi ija ndinaseka mpaka kugwetsera kasikulu mkati mwa laputopu ya munthu. Koma usachite manyazi. Ine tsiku langa loyamba ndinazimitsa kompyuta ya abwana pozula nthambo kukhoma, ndipo ndilipobe.

Tamvera. Chilichonse chimene ungachigwire kapena kuchipukuta fumbi, bokosi lija, sikirini, kiyibodi, pulinta, timati hadiweya. Ndi zitsulo ndi pulasitiki basi, pazokha n'zakufa. Sofutiweya ndi malangizo okhala mkatimo, ouza zitsulozo chochita. Sungawagwire ndi manja. Pulogalamu ndi sofutiweya imodzi yokhala ndi ntchito yakeyake. Ndiye iwe unaloza nyumba, pomwe mphunzitsi amafunsa za anthu okhalamo.

Tenga sitolo yanuyo. Pali mwini wake, amene amatsegula m'mawa, kuyatsa magetsi, n'kugawira aliyense malo ndi ntchito. M'kompyuta ameneyo timati sisitemu. Ukayatsa n'kumadikira kanthawi kaja, ndiye kuti sisitemu ikudzuka. Popanda iyo palibe chimayenda. Usamaiseweretse, siifuna nzeru zako, chimodzimodzi Mayi a Fotokope.

Kenako pali antchito, aliyense ndi luso lake. Awa ndi mapulogalamu ogwirira ntchito, ndipo tizithunzi tija ndi zitseko zawo. Pali yolembera makalata ndi mayeso, imeneyo ndiyo khasu lako. Pali ya timabokosi, yondandalikiramo mayina ndi manambala, imawonkhetsa yokha. Pali bulawuza, yolowera pa intaneti. Telala sameta tsitsi, choncho ukafuna kalata uzigogoda kwa wolemba makalata.

Gulu lina ndi la osesa ndi alonda, anzako akale. Antivayirasi ndi mlonda. Amagwira vayirasi, pulogalamu yakuba imene imalowa itavala ngati wantchito, makamaka kudzera m'mafulashi, tizipangizo timene makasitomala amanyamuliramo zolemba zawo. Fulashi iliyonse uziyamba waionetsa kwa mlonda.

Ndiye pali timapulogalamu tina timene timati madalaivala. Osati a basi ayi! Dalaivala ndi womasulira pakati pa sisitemu ndi chipangizo ngati pulinta. Chipangizo chilichonse chili ndi wake, akasowa awiriwo amangoyang'anana ngati anthu osamvana chinenero.

Usaope kudina. Ukafufuta molakwa zimagwera kaye m'kabini ka zinyalala kali pakona ya sikirini, umakatolamo.

Ndili ndi foni ina yakale, ndikutumizire? Ndipo pakhomo pakopo pakonzedwe, paja chaka chatha unagwaponso mpaka kuthyola dzino. Mwamuna wakoyo ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, akulephera kukuikira chogwira?

Achimwene ako


18 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yang'ambika m'mapindo. Ndimaisunga pansi pa kiyibodi.

Zikuyenda! Mphunzitsi uja anabweranso, ndamutaipira mayeso a makalasi atatu ndi zala ziwiri. Asanatuluke ndinati, "Fulashi yanuyi ionedwe kaye ndi mlonda," ndipo mlonda anagwiramo mbava zitatu. Nthawi imeneyi sanaseke. Mayi anandigulira botolo la chakumwa, koyamba chiyambire ntchito.

Vuto ndi pulinta. Yakale ija inayamba kununkha chopserera, Mayi agula ina. Ndalumikiza nthambo zonse, kanyali kakuyaka, koma ndikadina kuti isindikize imangokhala duu. Ndikuganiza kuti ndi nkhani ya womasulira mumanena uja. Ndalemba nambala ya pulintayo kuseri kwa pepalali. Intaneti ya kuno imaduka ngati ulusi wovunda, ndiye ngati mungathe mutumize pa fulashi. Mwezi wanga watsala sabata ziwiri.

Foni musatumize. Alamu anu sagwirizana ndi mafoni. Mpando watsopanowunso sakugwirizana nawo, akuti posesa ndinkaweramira pansi, koma pano amuna amaima kumbuyo kwanga n'kumanamizira kuyang'ana sikirini. Masiku ano amasiya ntchito kushopu kwawo n'kudzaima tsidya la msewu, kuwerenga olowa ndi otuluka. Lachitatu ndinataipa ndi diso limodzi, linalo munalowa kachitsotso.

Mlongo wanu,
Kamlomo


24 Malichi

Kamlomo, moni. Ndalemba mothamanga, basi ikunyamuka, ndipo wamtali uja lero kulibe, ndapatsa mnzake. Walasa, chimene ukusowa ndi dalaivala. Wakale uja musiye, sangakuthandizenso. Ndakupezera watsopano. Abwera mawa Loweruka ndi basi ya m'mawa. Ukamulandire wekha pa siteji, asapite m'manja mwa wina. Ukafika naye kusitolo utseke zonse, umulowetse, n'kumangovomera chilichonse chimene akufunse. Ukatero uona zikuyenda.

Achimwene ako


3 Epulo

Kamlomo,

Moni. Ife tili bwino, iwe kaya, popeza wakhala chete ngati wamwera madzi. Fulashi ndinatumiza, koma sindinalandire ngakhale kamzere kamodzi koti yafika. Basi ija yasiya kubwera, kudepoti akuti dalaivala wake ali m'chipatala, kaya ndi ngozi kaya n'chiyani. Iyi ndapatsa basi ya masana.

Mwezi wako watha. Pulinta yasindikiza kapena ayi? Kapena wayambiranso zako zija zosiyira zinthu panjira ngati mmene unachitira ndi sukulu? Ine ndinasiya makompyuta a anthu patebulo n'kukhala pansi kukulembera masamba atatu. Ngati mpando wakulemera undiuze, ndisamataye inki.

Achimwene ako


4 Epulo

Alamu,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino.

Ine ndinkakuyesani munthu. Kakalata kanu kaja kondakitala anadzasiya kushopu kwanga, poti amadziwa kuti mkaziyo ali ndi mwini. Ndakawerenga katatu ndipo ndili nako m'thumba. Ndiye mwayamba ntchito yopezera mlongo wanu amuna? Wakale, watsopano. Amulandire yekha. Atseke zonse, amulowetse, azingovomera. Munalemba ndi dzanja lanu, simungakane.

Tsiku lomwelo ndinapita kusitolo kuja kukamulangiza. Akuti dalaivala ndi kanthu ka m'kompyuta. Ine si mwana. Kompyutayo ndinaitsegula ndi hamala pamaso pake, sindinapezemo dalaivala aliyense.

Loweruka ndinapita ndekha pa siteji kukamulandira mlendo wanu. Ndinanyamula chitsulo cha pawindo chimene ndinadula dzulo lake. Basi itangoima ndinatsegula chitseko chake n'kumukokera pansi ndi kolala, mdala wa imvi wopanda manyazi. Choyamba ndinamupatsa pa nsagwada kuti aleke kuyankhula ndi akazi a eni, chachiwiri pa bondo kuti aleke kuyendayenda. Anthu anandigwira ndisanamalize. Apolisi anandisunga masiku asanu, amalume ananditulutsa pa belo.

Mkazi ndi wanga, alamu. Akatuluka m'chipatala abwerere pakhomo, ndipo mpando uja sadzaukhaliranso. Inu mukafuna kubwera bwerani. Shopu yanga mukuidziwa, moto umakhala uli woyaka.

Ndine mlamu wanu


5 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Akundilembera ndi amayi a nyumba yoyandikana nafe, poti maso anga ukuwadziwa. Ine ndili kuchipatala kudikirira mlongo wako, lero ndi tsiku lakhumi ndi chiwiri. Moyo ulipo, ndiye tithokoze. Kadona ali ndi ine. Akudya, koma sakuyankhula, ndipo wayambiranso kunyowetsa pogona.

Iwe unalemba zotani? Amalume ake a mlamu wako anabwera ndi pepala lako n'kundiwerengera, ine mutu unangozungulira. Mlongo wako akuti ndi zinthu za makina. Kaya. Koma mwamuna aliyense akanapsa mtima.

Ndikukupempha ziwiri. Ulembe kalata yopepesa kwa mlamu wako kuti nkhaniyi izizire. Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Ine bambo ako anandigonthetsa khutu lakumanzereli ndi chigubu, sindinapite kwa apolisi, ndipo nonse munakula.

Chachiwiri, usabwere. Mutu wako ndimaudziwa, unatengera komweko. Ana ndili nawo awiri okha, mmodzi wagona kale apa.

Ndine mayi ako


7 Epulo

Achimwene,

Moni. Ndalemba ndi dzanja lamanzere, muwerenge mofatsa. Kalata yanu ya pa 3 Epulo Mayi a Fotokope andibweretsera kuno. Sindinasiyire panjira.

Ndinakunamizani. Foni sinagwere m'ndowa, alamu anu anaiponda ndi nsapato. Pakhomo sindinagwepo, chaka chino kapena chatha. Dzino lija linali chifukwa cha mchere wochepa m'ndiwo. Ndiye musadziimbe mlandu ndi kakalata kanu. Akanapanda dalaivala akanapeza china.

Linali Lachisanu, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkataipira agogo ena kalata, Kadona atakhala pansi pa tebulo akujambula, poti anali atangoweruka. Bambo ake analowa ndi hamala, pepala lili kudzanja linalo, n'kuliwerenga mokweza kuti msewu wonse umve. Ndinati, "Bambo a Kadona, dikirani ndikuonetseni," n'kutambasula dzanja kuti nditenge kalata yanu yoyamba pansi pa kiyibodi. Hamala inatera pa dzanja lomwelo. Ndinamva zala zikulira ngati nkhuni zouma.

Kenako anamenya sikirini, magalasi anandithira kumaso. Anakoka bokosi lija pansi pa tebulo, pomwe panali mwana, n'kuliphwanya akukuwa kuti, "Tuluka! Tuluka tikuone!" Atatopa nalo anandikoka ndi tsitsi mpaka pakhonde. Za pakhondepo ndikukumbukira nsapato zake zokha. Namwino akuti nthiti zitatu ndi zala zitatu. Anthu anadzaza msewu, Achimwene, ena ndimawataipira. Amene anamulumphira pamsana ndi Mayi a Fotokope okha, ndi ukalamba wawo, anawakankhira m'ngalande. Mayiwo atapita kupolisi anauzidwa kuti za m'banja zikakambidwe kunyumba. Apolisi anadzamugwira mawa lake, atathyola munthu amene si mkazi wake.

Mdala wa basi uja ali m'chipinda cha amuna, tsidya la khonde. Anamumanga nsagwada ndi mawaya, amamwera phala m'kapaipi. Sandidziwa n'komwe.

Tsopano chimene ndikufuna. Mayi anatolera zidutswa zonse m'katoni. Muli mayeso a anthu, makalata a anthu. Mulinso changa. Pophunzira kutaipa ndinasowa chokopera, ndiye tsiku lililonse makasitomala akachepa ndinkalemba zimene wakhala akundichita chikwatirane, chaka ndi chaka, chimene anagwiritsa ntchito ndi pamene anamenya. Zinafika masamba khumi ndi limodzi. Munati sofutiweya sagwirika ndi manja. Nanga ndi hamala? Zinafera momwemo, kapena zingatuluke?

Ngati mubwera, bwerani ndi zida zokonzera. Kushopu kwake musapondeko. Ndagwira mwendo wanu.

Mlongo wanu,
Kamlomo


13 Epulo

Mlongo wanga,

Moni kuchokera m'chitokosi cha polisi ya kwanu konkuno. Wapolisi wina wandibwereka cholembera. Inenso ndalemba ndi lamanzere.

Ndinafika dzana. Ndinakupeza uli m'tulo, ndinaima kumiyendo kwa bedi, ndipo ndinakuzindikira ndi chipsera cha pachipumi chokha. Amayi anandigwira malaya, ndinawauza kuti ndikupita kusitolo. Sindinaname, ndinayambira kumeneko.

Yankho lako ndi ili. Hamala inaphwanya bokosi, koma kadisiki kosungira zinthu, kofanana ndi sopo wosambira kukula kwake, kanapulumuka. Ndinabwera ndi kompyuta ina ya kuntchito kwanga yoti uzigwiritsa ntchito, ndakalumikiza, ndipo zonse zilimo. Sisitemu ndi mapulogalamu zikafa timaikanso zina, si nkhani. Mafayilo ako ndiye sagulidwa m'sitolo. Ndakuikira pulogalamu ina ya gulu la alonda lija, ntchito yake ndi kukopera mafayilo kwina tsiku lililonse. Chizindikiro chake ndi kaambulera. Uziika fulashi poweruka, n'kudina, n'kupita nayo komwe ukugona. Pulinta sindinaigwire, imeneyo ndi yako, dalaivala wake ndakusiyira pa fulashi.

Kuti nditsimikize kuti fayilo yako sinaonongeke ndinaitsegula. Ndinati ndingoona mzere woyamba. Ndinawerenga yonse. Nditafika pa tsiku limene ine ndinabwera kudzacheza, n'kudya naye mbale imodzi iwe utavala juzi kunja kukutentha, ndinadzuka. Wandigwira mwendo, ndikudziwa. Pepa.

Mwamuna wako ndinamupeza kushopu kwake ataweramira geti la munthu, akuwotcherera. Ndinatola paipi pakhomo n'kumumenya paphewa asanavule chophimba kumaso. Anagwa, koma uja ndi wa zitsulo. Anadzuka ndi chitsulo chofiira chimene amawotchereracho, ine ndinachigwira ndi dzanja lamanja kuti chisafike kumaso. Fungo la nyama yanga ndikulimvabe. Tinagwera limodzi pa mulu wa zidutswa, ndinapezeka ndili pamwamba, paipi ili pakhosi pake, bondo langa likukanikiza. Maso ake anatuzuka, miyendo ikupalapata. Kamlomo, ndinkamva kukoma. Anandichotsa ndi amuna anayi, ndipo akanachedwa pang'ono bwenzi ukuwerenga kalata ya wakupha.

Iye ali m'chipinda chinacho, phewa lili m'nsalu. Belo yake aiphwanya chifukwa cha kalata imene anandilembera, ndinaipereka. Dzanja langa adokotala akuti zala ziwiri mwina sizidzapindikanso. Wokonza makompyuta wa zala zitatu, alamu ako akamva andimaliza ndi pakamwa.

Kalata ya pa 3 ija uing'ambe. Ndi nthabwala ya chogwira pakhomo ija. Zaka zonsezi ndimadzitama kuti ndimamva vuto la makina ndi khutu lokha.

Achimwene ako


8 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu anga. Ndamva kuti munafika bwino ndipo abwana anu akusungirani malo. Dzanjalo muzisambitsa monga anakuuzirani, musamadzichite dokotala. Mukuona nokha kuti kalatayi ndi yotaipa. Lamanja likadali m'chikhakha, koma lamanzere laphunzira, ndipo Mayi akuti mpando ndi wanga.

Sindikuthokozani pa za kushopu zija. Tsopano abale a bambo a Kadona akuyenda ponseponse kunena kuti ndi ndewu ya pachilamu, onse ndi olakwa. Munawapatsa chonena. Komabe mlandu wanu unathera pa chenjezo, ndiye ndapuma.

Dalaivala wa pulinta ndinamulowetsa ndekha. Masamba aja ndinawasindikiza n'kupita nawo kupolisi pamodzi ndi pepala la kuchipatala. Nthawi ino anandipatsa mpando. Wapolisi wamkazi anawerenga mpaka kumapeto, ndipo mlandu wanga auphatikiza ndi wa mdala wa basi. Mdalayo ndinakamuona asanatuluke. Ndinamufotokozera zonse, za pulinta ndi za womasulira. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena kulira, ndi mawaya aja sizidziwika. Basi sadzayendetsanso.

Amayi anandikakamiza kuti ndiwawerengere zimene ndapereka kupolisi. Pa tsamba lachinayi anati, "Basi." Anatuluka osanena komwe akupita. Anabwera madzulo atasenza matilesi anga, mapoto ali m'manja, ndi miyendo yawo ija. Pano ine ndi Kadona tikugona kachipinda ka kuseri kwa sitolo. Wayamba kuyankhula pang'ono, koma pansi pa tebulo salowanso.

Dzulo kunabwera amalume ake a bambo a Kadona, atavala jekete, chipewa chili m'manja. Anadikira pamzere ngati wina aliyense. Itafika nthawi yawo anatulutsa pepala lolemba pamanja, akuti, "Mayi, kukhoti akufuna yotaipa, ndipo wotaipa kuno ndinu nokha." Ndinaliwerenga. Linkati ine, mkazi wa woimbidwa mlandu, ndakhululuka ndi mtima wonse, ndinavulala chifukwa chogwa ndekha pokangana, ndipo ndikupempha kuti mlandu uthetsedwe kuti mwana akule ndi bambo ake.

Mayi a Fotokope anayamba kudzuka pa mpando wawo, ndinawakodola kuti akhale. Ndinatsegula yolembera makalata. Ndinataipa mawu onse monga analiri, chala chimodzichimodzi, akuluwo ataima kumbuyo kwanga akupumira m'khosi mwanga. Ndinawakonzera mawu anayi olakwika. Ndinawafunsa ngati akufuna zilembo zazikulu pamutu, anati eya. Ndinasindikiza, ndinaika mu envelopu, analipira.

Kenako anatulutsa pepalalo n'kuliyala patebulo, n'kundipatsa cholembera. Akuti, "Musaine apa, mwana wanga, tithane nazo."

Ndinati, "Pano timataipa ndi kufotokopa, bambo. Wosaina mukamupeze kwina. Wotsatira!"

Anaima pamenepo cholembera chili m'mwamba mpaka mayi wa kumbuyo kwawo anawapempha kuti asunthe. Anatuluka ndi kalata yawo yoyera bwino, yopanda cholakwika n'chimodzi chomwe. Atapita ndinakabisala kuseri kanthawi, koma ndinabwerera, mzere unali wautali.

Mlandu ndi Lachinayi, naini koloko. Musabwere. Ndikayankhula ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Kamlomo